Lipoti la nkhani: peptide ya GSK3 imene inafika itataya fosifeti

Mwachidule

Nkhaniyi inachitika mu labotale yofufuza ma-kinase a munthu, momwe ntchito yanga ndi kuyang'anira zoyesera: kuitanitsa, kusunga, ndi kutsimikiza kuti zimene zili m'botolo ndi zomwedi zalembedwa kunja kwake. Gulu lathu linkayesa mankhwala atsopano ofooketsa enzyme yotchedwa GSK3β. Botolo lakale la peptide (kachidutswa kafupi ka puloteni kamene enzyme imagwirapo ntchito poyesa) yokhala ndi fosifeti litatsala pang'ono kutha, tinatsegula latsopano lochokera ku kampani ina, ndipo ena mwa mankhwala amene tinkayesawo anayamba kuoneka amphamvu kuposa kale. Mankhwalawo sanasinthe, enzyme nayonso inali bwinobwino. Chimene chinalipo n'chakuti pafupifupi theka la ufa umene tinkauwerengera kuti ndi peptide ya fosifeti silinali zimenezo ayi. Gawo lina linali mchere ndi madzi, gawo lina linali peptide imene fosifeti yake inathothoka ikupangidwa. Chikalata cha kampaniyo chinkati ufawo ndi woyera kupitirira 95 peresenti, ndipo malinga ndi mmene iwo anayezera, sankanama.

Enzyme yake ndi peptide yake

Kinase ndi enzyme imene imachotsa fosifeti ya kumapeto kwa ATP, molekyulu yonyamula mphamvu m'selo, n'kuiika pa puloteni ina, makamaka pa ma-amino asidi (timagawo tomanga tcheni cha puloteni) otchedwa serine, threonine kapena tyrosine. Puloteni yolandira fosifetiyo imasintha khalidwe: ina imayamba ntchito, ina imaleka, ina imasamukira kwina m'selo. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs ndi amene anaitulukira nkhaniyi ku Seattle m'zaka za m'ma 1950, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1992. Mu 2002 Gerard Manning ndi anzake atasanthula majini a munthu anapeza ma-kinase 518. Mutu wa aliyense wofuna mankhwala a kinase umaima pamenepa, chifukwa malo okhala ATP amafanana kwambiri mwa onsewo. Ukapanga mankhwala otseka malo amenewo, kawirikawiri amakagwiranso ma-kinase ena amene sunawatume.

GSK3 inapezeka mu 1980 mu labotale ya Philip Cohen ku Dundee, kuchokera m'minofu ya kalulu, ndipo mu 1990 James Woodgett anaonetsa kuti ilipo ya mitundu iwiri, α ndi β. Ili ndi khalidwe lakelake. Pa mapuloteni ambiri siyamba yokha. Imadikira kuti kinase ina iyambe yaikapo fosifeti, kenaka iyo imaika yake pa serine kapena threonine imene ili malo anayi kuchokera pamenepo, kulowera kumayambiriro kwa tcheni. Gulu la Peter Roach ku Indianapolis linaonetsa zimenezi mu 1987 pogwiritsa ntchito peptide yopangidwa mu labotale: pa puloteni yotchedwa glycogen synthase imayamba ndi kinase ina yotchedwa CK2, GSK3 n'kumatsatira. Zili ngati pobzala chimanga, wa khasu patsogolo akukumba mapando, wa mbewu pambuyo, ndipo pamene palibe phando saponyapo. Kungoti kuno fosifeti imene GSK3 yaika imakhalanso poyambira ina, malo anayi enanso.

Mu 2001 maonekedwe a GSK3β atadziwika, zinaoneka kuti pali kamphako kopangidwa ndi arginine 96, arginine 180 ndi lysine 205, ndipo fosifeti yoyambayo imalowa mmenemo. Thupi lenilenilo limagwiritsa ntchito kamphako kameneka pofooketsa enzyme: insulini ikafika, kinase yotchedwa Akt imaika fosifeti pa serine 9 ya GSK3β, kamchira kokhala ndi serine imeneyo n'kupindikira m'kamphakomo, mapuloteni ena n'kusowa polowera. Gulu lathu linkafuna kutengera nzeru yomweyo. Mankhwala athu ambiri anapangidwa kuti alimbirane kamphakoka ndi peptide, osati kulimbirana malo ndi ATP. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse yatsamira pa iyo.

Peptide imene timagwiritsa ntchito ndi yodziwika, yotengedwa pa glycogen synthase, ya ma-amino asidi 26, chilembo chilichonse chikuimira imodzi: YRRAAVPPSPSLSRHSSPHQ, kenaka serine yokhala ndi fosifeti pa nambala 21, kenaka EDEEE. GSK3 imayambira pa serine 17, n'kupita pa 13, n'kukafika pa 9. Ma-arginine awiri a kumayambiriro amathandiza kuti peptide imatirire pa pepala la P81 kwa iwo oyeza ndi ATP ya fosifolasi 32, ndipo tyrosine ya poyambirira imathandiza kuyeza kuchuluka kwake ndi kuwala. Ikakhala yathunthu imalemera madalton 3029. Yopanda fosifeti imalemera 2949, kusiyana kwa 80. Ma-peptide wamba a ma-kinase, monga Kemptide (LRRASLG) wa kinase yotchedwa PKA, amabwera opanda kanthu n'kukalandira fosifeti poyesa. Iyi imayenera kufika nayo kale, ndipo mtengo wake wokwerawo timalipirira fosifeti imodzi imeneyo.

Zimene zinaoneka

Timayeza ndi ADP-Glo ya Promega. Kinase ikagwira ntchito kwa nthawi yoikika, mankhwala oyamba amaiimitsa n'kuwononga ATP yotsala, achiwiri amasandutsa ADP, imene imatsala ATP ikataya fosifeti, kukhalanso ATP, ndipo enzyme yotchedwa luciferase imatulutsa kuwala kolingana ndi ADP imene inapangidwa. Buffer yake, madzi oyeseramo, ndi yanthawi zonse: HEPES pa pH 7.5, magnesium chloride, DTT ndi puloteni yotchedwa BSA pang'ono. Pa mbale iliyonse ya timaenje toyeseramo timaikapo CHIR99021, mankhwala odziwika otseka malo a ATP, kuti atiuze ngati tsikulo zayenda bwino.

Wophunzira amene ankayendetsa mbalezo anandiitana nkhope ili mwee. “Bambo, tabwerani mudzaone, aja tinkawaderera aja adzuka.” Pa girafu, mizere ya mankhwala olimbirana kamphako inali itasunthira kumanzere yonse, kutanthauza kuti mankhwala ochepa ankakwanira kudula ntchito ya enzyme ndi theka. Sikunali kusuntha kodabwitsa, IC50, muyezo wa mankhwala odula ntchito ndi theka uja, sinatsike ngakhale ndi theka, koma kunali kokwanira kuti mankhwala amene anayesedwa ndi botolo latsopano apose anzawo amene anayesedwa ndi lakale. Pa mndandanda umene aprofesa ankafuna kusankhapo oti apangidwe ochuluka, otsalira anali atakwera pamwamba. CHIR99021 yokha inali pamalo pake penipeni. Kuwala kwa m'timaenje topanda mankhwala kunali kotsikirapo, koma pang'ono, moti aliyense akanati enzyme yangotopa ndi kukhalitsa.

Chinandikayikitsa ndi kusuntha kwa onse pamodzi. Mankhwala osiyana mapangidwe sangagwirizane kukhala amphamvu tsiku limodzi, ndipo akanakhala mavuto a enzyme kapena a ATP, CHIR99021 ikanasunthanso. Chimene mankhwala osunthawo anali nacho chofanana ndi mdani wawo, peptide. Yung-chi Cheng ndi William Prusoff a ku Yale analemba masamu ake mu 1973: kwa mankhwala olimbirana malo, IC50 imafanana ndi Ki kuchulukitsa ndi 1 + [S]/Km. Ki ndi muyezo wa mmene mankhwala amagwirira enzyme, [S] ndi kuchuluka kwa peptide, ndipo Km ndi kuchuluka kwa peptide kumene enzyme imathamangira pa theka la liwiro lake lonse. Tiyerekeze kuti mwaika peptide yochuluka kanayi kuposa Km. IC50 idzakhala Ki kasanu, ndipo enzyme idzathamanga pa 80 peresenti ya liwiro lake lonse. Ngati peptide yeniyeni ili theka la imene mukuganiza, IC50 imatsikira pa Ki katatu, koma liwiro limangotsikira pa 67 peresenti. Ndiye kuti chizindikiro chimene chikanakuchenjezani chimasintha pang'ono, pamene chotsatira chimene mukuchifunitsitsa chimasintha kwambiri, n'kusinthira mbali yokusangalatsani. Ine cholakwika chotere ndimachiopa kuposa chimene chimawononga mbale yonse poyera.

Kufufuza kwake

Zoyambirira tinathana nazo msanga. Enzyme ina yochokera m'firiji ya −80 °C inapereka zomwezo. ATP yatsopano, chimodzimodzi. M'kachubu kena munali mutatsala madontho a peptide yakale, ndipo titaika yakale ndi yatsopano pa mbale imodzi, enzyme imodzi, dzanja limodzi, mizere inapatukana monga tinkaganizira. Mlandu unali wa botolo latsopano. Chotsala chinali kudziwa kuti lalakwa pati.

Poyamba tinayang'ana sikelo. Peptide youmitsidwa si peptide yokhayokha. Imayeretsedwa m'madzi okhala ndi asidi wotchedwa TFA, ndipo malo aliwonse okoka asidi amatha kutuluka atagwira TFA yake. Pa peptide iyi malo otere ndi 6: kumayambiriro kwa tcheni, ma-arginine atatu ndi ma-histidine awiri. TFA imodzi imalemera 114, choncho onse akagwira, 684 amawonjezeka pa 3029, ndipo peptide yeniyeni imangokhala pafupifupi 82 peresenti ya ufawo, tisanawerengere chinyezi chimene ufa wotere umayamwa. Kampani yakale inkagulitsa potengera peptide yeniyeni, ndipo inkalemba choncho. Yatsopanoyi inagulitsa potengera kulemera kwa ufa wonse, zimenenso n'zololedwa, kungoti zinalembedwa m'timalemba tating'ono. Mamiligalamu a pa mabotolo awiriwa ankaoneka ofanana koma sankanena chinthu chimodzi.

Apa tyrosine ija inatithandiza. Pa kuwala kwa 280 nm tyrosine imodzi imayamwa 1490 pa mola pa sentimita, ndiye madzi a 1 mM amayenera kuwerenga 1.49. Athu ankawerenga motsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Tinakonza kuchuluka kwake, n'kubwereza. Mizere inayandikirana koma sinakumane. Panali patatsala china, ndipo tyrosine sikanatiuza, popeza imangowerenga matcheni, siidziwa ngati pa nambala 21 pali fosifeti kapena ayi.

Kenaka tinakayikira phosphatase, enzyme yochotsa fosifeti. BSA yosayera bwino, kapena enzyme yochokera m'maselo a tizilombo yosatsukidwa mokwanira, imatha kubwera ndi phosphatase imene imadya fosifeti ya peptide m'kati mwa kuyesa. Koma phosphatase ikanadya yakale ndi yatsopano mosasankha. Tinayesabe: tinasiya peptide mu buffer pamodzi ndi enzyme popanda ATP, ndipo palibe fosifeti imene inamasuka. Sodium fluoride ndi β-glycerophosphate, zofooketsa phosphatase, sizinasinthe kanthu. Tinaichotsa pa mndandanda.

Chikalata cha kampani ndinachiwerenga mofatsa pamenepa. Tsamba loyamba linali la HPLC, makina olekanitsa zinthu zosakanikirana pozidutsitsa mu kolamu, chilichonse n'kuoneka ngati nsonga pa girafu: nsonga imodzi yooneka bwino pa 220 nm, koma acetonitrile ankamuwonjezera mothamanga, ulendo wonse wa mphindi zochepa. Pa liwiro lotero matcheni awiri a ma-amino asidi 26 osiyana malo amodzi okha amatha kutulukira limodzi, makina n'kuwawerenga ngati chinthu chimodzi. Tsamba lachiwiri linali la MALDI, makina oyeza kulemera: nsonga yaikulu yolingana ndi 3029, ina pambali pake yolingana ndi 2931, ndi kaphewa kumanzere kwa yaikuluyo. Aliyense amene anagwirapo ma-peptide a fosifeti akaona 98 itachoka amangoti ndi makina, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona, chifukwa serine ndi threonine za fosifeti zimatayadi H3PO4, yolemera 98, m'kati mwa makina oyeza kulemera. Mkulu wina wa pa chipinda choyandikana nafe atayang'ana anati, “Zimenezo n'zachizolowezi, achimwene, musataye nazo nthawi.” Sindinawatsutse pa nsonga ya 2931. Chimene sichinandikhalire bwino ndi kaphewa kaja.

Funso loti 98 yachoka m'makina kapena inachoka kale m'botolo lili ndi njira yophweka yoliyankhira. Chimene chathyokera m'makina chimatuluka pa kolamu nthawi imodzi ndi mwini wake, popeza polowa chinali chinthu chimodzi. Chimene chinabwera chothyoka kale chimakhala ndi nthawi yakeyake. Tinayendetsa LC-MS, makina olekanitsa zinthu kenaka n'kuziyeza kulemera, pa kolamu ya C18, acetonitrile tikumuwonjezera pang'onopang'ono kwambiri. Botolo lakale linatulutsa nsonga imodzi, yooneka pa 1011, popeza ikanyamula mapulotoni atatu makinawa amagawa kulemera kwake patatu, ndi kachidutswa ka 978 pansi pake penipeni, ka m'makina kaja. Latsopano linatulutsa nsonga zitatu zopatukana. Ya 1011 inalipo. Ya 978 inatuluka payokha pa nthawi yake, popanda ya 1011 pamwamba pake. Yachitatu inali pa 1006, ndipo inali yogawanika pawiri.

Nsonga ya 1006 ndi imene inatseka pakamwa aliyense. Kulemera kwake ndi 3016, kutsika ndi 13 yokha kuchokera pa 3029, n'chifukwa chake pa MALDI inkangooneka ngati kaphewa. Chotsani 98, muwonjezere 85, mupeza 13 imeneyo. Ndipo 85 ndi kulemera kwa piperidine, mankhwala ogwiritsidwa ntchito popanga ma-peptide. M'makina athu mulibe piperidine, mu buffer mulibe, m'firiji mulibe. Malo okhawo amene peptide iyi inakumana naye ndi kumene inapangidwa.

Mmene zimachitikira popanga

Kuyambira pamene Bruce Merrifield anabweretsa njira yake mu 1963, ma-peptide amamangidwa atamangiriridwa pa timikanda ta resin, amino asidi imodzi imodzi, kuyambira kumapeto kwa tcheni kubwerera kumayambiriro. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito chotchinga cha Fmoc, chimene Louis Carpino anatulukira, ndipo chimachotsedwa ndi piperidine wa 20 peresenti mu DMF amino asidi yotsatira isanalumikizidwe. Pa peptide yathu serine ya fosifeti ndi yachisanu ndi chimodzi kulowa, choncho imasambitsidwa mu piperidine ka 21 tcheni chisanathe.

Fosifeti ya pa serine imachoka mosavuta pamene pali mankhwala otsutsana ndi asidi (base) ngati piperidine. Iye amakoka haidrojeni wa pa kaboni wa pakati, fosifeti n'kuthothoka, pamalopo n'kutsala dehydroalanine. Imeneyo ndiyo 2931, yopepuka ndi 18 kuposa ngakhale serine wamba. Dehydroalanine nayo sikhala chete: piperidine yemweyo amatha kuimatirira, n'kupanga 3016 uja. Popeza kaboni wa pakatiyo anali ataphwatalala, amabwerera mbali iliyonse, ya L kapena ya D, n'chifukwa chake nsongayo inagawanika pawiri. Opanga amachepetsa vutoli pogwiritsa ntchito Fmoc-Ser(PO(OBzl)OH)-OH, imene fosifeti yake imatchingidwa mbali imodzi yokha kuti mbali inayo ikhale ndi mphamvu yokana kuchoka. Zimathandiza ndithu, koma sizithetseratu. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pochotsa Fmoc pa serine ya fosifetiyo mwini wake, ndipo kutentha kumawonjezera moto. Threonine ya fosifeti imapirira kuposa serine, pamene tyrosine ilibe vutoli chifukwa fosifeti yake ili pa mphete.

Tinalembera kampaniyo, n'kutumiza zithunzi za nsonga zitatu zija. Poyankha anavomera kuti amapanga ndi makina otenthetsa kuti ntchito ifulumire, ndipo kuti sanatsitse kutentha pa sitepe ya serine. Anapanganso ina, sitepe imeneyo ndi zingapo zotsatira akuchita popanda kutenthetsa, ndipo poyeretsa anayenda pang'onopang'ono. Ndinene pano kuti sindikuona ngati ankafuna kutibera. Anayeza ndi njira imene amayezera peptide iliyonse, ndipo njira imeneyo imayankha funso lina, osati lathu.

Kuwerenga fosifeti yeniyeniyo

Kudziwa kuti zowonongeka zilimo ndi kwina, kudziwa kuchuluka kwake ndi kwinanso. Kukula kwa nsonga za LC-MS sikodalirika pa zimenezi. Peptide ya fosifeti imatha kuonekera mofooka pa makinawa kuposa inzake yopanda fosifeti, ndiponso imamatirira pa zitsulo za mapaipi ndi za kolamu, moti ina imatsalira m'njira. Ukangoyerekeza nsongazo ungaganize kuti botolo ndi loipa kuposa mmene lilili.

Tinasankha kuwerenga fosifeti mwachindunji. Tinatenga peptide yodziwika kuchuluka kwake kudzera mwa tyrosine, tinaipatsa lambda phosphatase pamodzi ndi manganese chloride amene imafuna, n'kudikira mpaka LC-MS itaonetsa kuti 3029 yonse yasanduka 2949. Fosifeti yomasukayo tinaiyeza ndi malachite green ndi molybdate, poyerekeza ndi madzi a KH2PO4 odziwika mphamvu. Ntchito imeneyi imafuna ukhondo wa mtundu wina: sopo wotsukira magalasi amakhala ndi fosifeti, buffer ya fosifeti yotchedwa PBS ndiye isayandikire n'komwe, choncho zonse zimachitikira m'mapulasitiki atsopano. Madzi amayamba achikasu, ndipo pomwe pali fosifeti amasanduka obiriwira ukuona, kenaka umawerenga pa 620 nm. Timaenje ta botolo lakale tinabiriwira mofanana ndi muyezo wa fosifeti imodzi pa tcheni chimodzi. Ta latsopano tinali totuwirapo moonekera ndi maso, pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Mukaphatikiza ndi za sikelo zija, magawo anayi mwa asanu kuchulukitsa ndi awiri mwa atatu, mupeza kuposa theka pang'ono. Masamu a Cheng ndi Prusoff ankafuna nambala yomweyo kuti afotokoze kusuntha kwa mizere.

Kanthu kena kanatulukira pambali. M'madzi a peptide yatsopano amene anakhalitsa mu buffer munaoneka nsonga ina ya 3085, imene ndi 2931 kuwonjezera 154, kulemera kwa DTT. Dehydroalanine imagwira chilichonse chokhala ndi thiol. Sitinapeze umboni woti inkagwiranso cysteine ya enzyme, koma ndi chifukwa china chosaonera peptide yowonongekayo ngati chinthu chongodzaza malo.

Zimene tinasintha

Botolo lililonse la peptide ya fosifeti likafika, silipita pa mbale lisanadutse pa zinthu zitatu: kuwala kwa 280 nm, LC-MS yoyenda pang'onopang'ono, ndi malachite green. Pa kachubu timalemba kuchuluka kwa fosifeti, osati kwa ufa. Ngati tcheni chilibe tyrosine kapena tryptophan, timapempha kuti ayeze ma-amino asidi ake, ngakhale kumawonjezera mtengo. Poitanitsa timanena kuti tikufuna kulemera kwa peptide yeniyeni, ndipo timapempha kuona mmene anayendetsera HPLC, osati peresenti yokha. Botolo lakale sitilimaliza latsopano lisanayesedwe pambali pake. Madontho aja akanakhala atatha, tikanazungulira nthawi yaitali.

Tinayambanso kugula inzake yopanda fosifeti, ya 2949, ndi kuiika pa mbale iliyonse. GSK3β yoyera imaigwira mofooka kwambiri, choncho kusiyana kwa ziwirizi kumakuuza tsiku lomwelo ngati fosifeti ilipo. Pofuna kutsimikiza kuti mankhwala akulowadi m'kamphako, pali GSK3β imene arginine 96 yake inasinthidwa kukhala alanine, imene gulu la ku Dundee linaonetsa mu 2001 kuti siipindula ndi fosifeti yoyambayo. Chenjezo limodzi kwa oyesa ndi madzi a maselo ophwanyidwa: mmenemo muli CK2, imene sigona, ndipo EDEEE wa kumapetoyo ndi chimene imakonda. Idzaika fosifeti pa serine 21 ya peptide yopanda fosifetiyo, GSK3 n'kutsatira, inu n'kuganiza kuti fosifeti yoyamba ilibe ntchito. Chinanso, popeza tcheni chimodzi chimatha kulandira fosifeti zitatu motsatizana, timaimitsa kuyesa peptide yogwiritsidwa ntchito isanapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi, apo ayi umakhala ukuyeza zinthu zingapo zosakanikirana.

Za kasungidwe ndi zodziwika. Ufa umakhala pa −20 °C, wouma, ndipo botolo limayamba lafunda lisanatsegulidwe kuti chinyezi chisalowe. Ukasungunula umagawa m'timachubu tating'ono tosamata, kamodzi pa ntchito imodzi, ndipo pH isakwere kupitirira 8, popeza zimene piperidine anachita zimathanso kuchitika pang'onopang'ono m'madzi a pH yokwera yotere, makamaka pakakhala barium kapena calcium. Anzanga amene mumagwira ntchito kumene magetsi amathimathima, siyani yambiri ili ufa; ufa umapirira firiji ikasungunuka, koma wa m'madzi ayi.

Vuto lomweli limafika kulikonse kumene ma-peptide a fosifeti amagwira ntchito, kungoti limavala nkhope ina. Wopanga antibody ya serine 9 akabaya kalulu ndi peptide imene gawo lake lilibe fosifeti, yolumikizidwa ku puloteni yonyamulira yotchedwa KLH, adzakolola ma-antibody osasankha. Woyeza mmene gawo la SH2 la kinase yotchedwa Src limagwirira pYEEI, tcheni chimene Zhou Songyang ndi Lewis Cantley anapeza mu 1993, alibe nkhawa ya dehydroalanine, koma ya TFA ndi chinyezi ali nayo, ndipo Kd yake, nambala yoonetsa mphamvu ya kugwiranako, idzalakwika ndi muyezo womwewo. Wogwiritsa ntchito ma-peptide olemeretsedwa a AQUA, njira ya gulu la Steven Gygi ya 2003, amawerengera chilichonse cha m'selo kuchokera pa nambala ya pa kachubu kake.

Mmene zinathera

Peptide yobwezedwa inapereka nsonga imodzi ndi fosifeti yoyandikira imodzi pa tcheni. Mankhwala onse amene anayesedwa ndi botolo loipalo anabwerezedwa, ndipo anabwerera pamalo awo akale. Amene wophunzira uja anawasangalalira sanalowe m'gulu lopangidwa ochuluka. Iye anakhumudwa, m'pomveka, koma kusuntha kwa mizere kuja kunasanduka umboni woyamba woti mankhwalawo akulimbiranadi malo ndi peptide, ndipo pambuyo pake anatsimikiza zimenezo mwadala posinthasintha kuchuluka kwa peptide. Aprofesa analamula kuti kuyambira pamenepo mankhwala a kamphako azilembedwa ndi Ki, Km ikuyezedwa pa botolo lomwe lagwiritsidwa ntchito, ndipo IC50 iliyonse izikhala ndi nambala ya botolo pambali pake. Zotsatira za botolo loipalo zinasiyidwa m'kaundula ndi chizindikiro, sizinafufutidwe. Ufa wotsalawo sitinautaye: timauthira pa kolamu iliyonse yatsopano, ndipo ngati 1011, 1006 ndi 978 sizinapatukane, kolamu imeneyo sitiyezera ma-peptide a fosifeti.